Khanda la Mpunga pa Bwato la a Zalazinayi

Ana inu, kabwato kaja munandionetsa pa foni, kapulasitiki kachikasu kokwera munthu mmodzi, kandikhalabe m'mutu. Tadala akuti pambali pake analembapo makilo amene kangathe kunyamula, ndiye munthu amangowerenga n'kukwera. Ine nditafunsa kuti analembayo ndani, nanga mwini wakeyo anakakwerapo, munaseka nonse. Sekani. Ine sikelo ya pamsika wa Songani ndinasiya kuikhulupirira amayi anu asanamere mano, ndiye lero ndikhulupirire nambala yolembedwa ndi munthu amene sindinamuonepo nkhope?

Komabe pa nkhani ya bwato sindingaloze wina chala, chifukwa wabodza wamkulu amene anawolokapo mtsinje wa Domasi ndi ineyo, agogo anu. Sunthirani kuno. Iwe Yamikani, kankha chitsekocho, a panyumba yapafupiyo makutu awo ndi aatali.

Mtima wokayikira anthuwu sindinauyambe ndi imvi, ndinabadwa nawo. Ndili mtsikana, akandituma kuchigayo ndinkaima pamlomo penipeni potulukira ufa, kuopa kuti wogayitsa angapatuleko, mpaka ndinkabwera kunyumba nditayera kumutu ndi nsidze zomwe, agalu n'kumandiuwa. Kalongonda, mtundu wa nyemba umene inu simuudziwa, amafuna kukhala pamoto tsiku lathunthu. Anzanga ankasonkhezera moto n'kupita kumunda, ine ndinkakhala pomwepo pamafuwa ngati mphikawo uli ndi miyendo. Ndiye Mulungu, posafuna kuti ndipume, anandipatsa agogo anu aamuna, malemu a Jailosi, munthu wosadziwa kukana. Wina akangoti "achimwene," iwo apereka kale khasu, asanamve n'komwe kuti munthuyo amangofuna kufunsa njira.

Zaka zija anthu ankangokamba za matipate, kunagwa chilala choopsa. Mpunga unauma usanatulutse ngala, chimanga chinapsa chili m'mawondo. Tinadya madeya, tinadya mango aawisi owiritsa, makaka a chinangwa tinkawaona ngati chakudya cha paukwati. Njala itafika pakhosi, anthu anapuntha mbewu zawo za mpunga n'kudya. Sindikuwanyoza, mwana akamalira usana wonse mbewu imaoneka ngati chakudya basi.

Ine ndinali ndi mbewu ya mayi anga, ndowa ziwiri. Mpunga umenewo ukauphika kuno, munthu wodutsa pamsewu wa ku Liwonde ankatembenuza khosi. Ndinkadziwa kuti ukagona m'nyumba mwanga sabata imodzi, a Jailosi augawa m'mbale m'mbale mpaka kutha. Ndiye m'chilimwe, mtsinje uli wa m'mapazi, ndinausenza kupita nawo kutsidya, kumudzi kwathu kumene kunatsala mchemwali wanga Esinati. Ndinauthira m'mitsuko iwiri, kumata pakamwa ndi dothi, n'kukwirira m'khitchini. Esinati ndinamuuza kuti ndi mankhwala a mwendo, ndipo wotsegula mtsukowo atupa mimba. A Jailosi ndinawauza kuti mbewu yadyedwa ndi makoswe. Anamvera chisoni makoswewo, akuti nawonso njala yawapweteka.

Mvula itabweranso inabwera ngati ikubweza mkwiyo. Mlatho wathu wa mitengo unapita usiku umodzi, mtsinje n'kufiira, kudzaza mpaka m'mabango. Nthawi yofesa mpunga panazale inali ikutha, mbewu yanga ili kutsidya. Njira inalipo yozungulira kumsewu wa tala, koma inali ya theka la tsiku wapansi kenako minibasi, ndipo kondakitala amakulanda katundu n'kukamuponya kumbuyo kumene maso ako safika. Zimenezo ayi. Kunatsala bwato.

Mwini bwatolo dzina lake lenileni tinaliiwala, tonse tinkangoti a Zalazinayi. Anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki, ndipo unyamata wake wonse anathera pa usodzi ku Chilwa. Bwato lawo linali losema mtengo umodzi, lomatidwa phula m'ming'alu, losalembedwa kanthu pambali. Sikelo yawo inali mkono ndi maso. Katundu aliyense ankayamba amunyamula okha, kumugwedeza, n'kumuika pansi penipeni pakati pa bwato. Munthu ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati wogula mbuzi, n'kumulozera pokhala. Onse akakhazikika, iwo ankawerama n'kuika dzanja kunja kwa bwato, pakati pa madzi ndi mlomo wake. Pakalowa zala zinayi, ulendo. Zikalowa zitatu, wina atsike, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi mphunzitsi wa tayi.

Anthu ankakangana nawo kuti, "Koma bwatoli likuyandama bwinobwino!"

Iwo ankayankha kuti, "Padoko pano liyandama ngakhale ndi chala chimodzi. Chachiwiricho n'cha mafunde, chachitatu n'cha chigumukire chobwera ndi madzi, chachinayi n'cha inuyo mukayetsemula."

Koma ine, poti maso anga sagona, ndinali nditaona chinthu chimodzi. Mwana wa kumsana sankamunyamula. Khanda la eni mwamuna saligwira wamba, likadwala anganene kuti ndi iyeyo. Ankangoyang'ana kachipewa n'kuti, "Khalani apo, mayi."

Mwaona kale kumene ndikupita, eti? Chisomo waseka kale. Dikira, mwana iwe, pali poti suseka.

Ndinawoloka m'mawa chimanjamanja. Kwa Esinati ndinafukula mitsuko iye ali kudimba, ndinathira mpunga wonse m'nsalu yolimba, n'kuumanga motalika ngati thupi la mwana. Pamwamba ndinamangirira kachipanda kotungira madzi, n'kukaveka chipewa choluka cha ulusi wapinki chimene ndinachipeza pachingwe. Ndinabereka, n'kufunditsa bulangete. Ndowa ziwiri, ana inu! Mitsempha ya m'khosi inaima ngati zingwe za gitala. Koma ndinaganiza kuti ndikaonetsa mtolowo, a Zalazinayi augwedeza, amva kuti ndi mpunga, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse udziwa. Kapenanso anena kuti walemera, uwoloke paulendo wachiwiri, ine tsidya lino mpunga wanga tsidya linalo. Ndani akanaupenyerera? Bwino ndithyoke msana.

Nditafika padoko masana, kuphiri la Zomba kunali kutada bii. M'bwato munali mutakhala kale amake Dolika. Mayi ameneyu munda wake wa mpunga unkagundana ndi wathu, ndipo ine kwa zaka ndinkamuganizira kuti chaka chilichonse amasuntha malire pang'onopang'ono. Umboni ndinalibe, koma ine sindinkadikira umboni. Anali wamasiye wa ana anayi. Tsikulo amachokera ku ganyu wa sabata yathunthu kutsidyako, ndipo malipiro ake, chimanga theka la thumba, anali pakati pa bwato.

"Ulendo womaliza uno," anatero a Zalazinayi. "Kumtundako yagwa, madzi akubwera." Anandiyang'ana, poti nthawiyo ndinali woonda ngati bango, anayang'ana kachipewa, n'kuti, "Mukwana. Khalani apo."

Nditangoponda, bwato linatsika ngati lakwerwa ndi ng'ombe. A Zalazinayi anakweza nsidze. Anawerama, kuika dzanja. Anachotsa, kupukuta pa kabudula, kuikanso.

"Zitatu, chachitatucho chikunyowa," anatero. "Mayi, mwanayu amadya chiyani chaka cha njala chino?"

"Ndi wa mchemwali wanga," ndinatero ine, pakamwa posagwedera n'komwe. "Watupa thupi lonse. Ndikuthamangira naye kuchipatala."

"Mayo ine!" anatero amake Dolika. "Wa Esinati? Ndi chifukwa chake sakulira n'komwe. Tandionetsani, anzanga."

"Musamuvundukule, mphepo imulowa."

A Zalazinayi anaima, nkhafi ili m'manja. "Sindinawolokepo ndi zitatu. Thumbali litsale."

"Litsale ndi ndani, bambo?" anatero amake Dolika. "Ana anga dzulo agonera madzi. Ndipo mwana wodwalayu simungamusiye pano mpaka madzi aphwe. Tiyeni, ine ndizikapa madzi, Mulungu atiwolotsa."

Bamboyo anayang'ana kuphiri, anayang'ana kachipewa kapinki kaja. Ine ndinayamba kudzigwedeza pang'onopang'ono n'kumati, "Shii, shii, tifika." Ndinachita zimenezo, ana inu. Ndinatonthoza mpunga.

"Aliyense akhale pansi penipeni," anatero a Zalazinayi. "Wina asatembenuke, asakande ngakhale pomuyabwa."

Poyamba zinayenda. Ine mumtima ndinkadzitama kuti nzeru ngati zanga m'chigwa chonse cha Domasi mulibe. Koma titafika pakati, madzi anali ena. Ankabwera mokwera ndi motsika, atasenza mapesi ndi nthambi, ndipo funde lililonse linkanyambita mlomo wa bwato n'kulavuliramo pang'ono. Amake Dolika ankakapa ndi chitini, koma akataya chimodzi munkalowa ziwiri. Madzi anandifika m'akakolo, kenako anandinyowetsa pokhalira. Ndinayang'ana kunja kwa bwato, ndipo ngakhale ine wosadziwa za pamadzi ndinaona kuti patsala chala chimodzi. Apo m'pamene ndinamvetsa zimene bambo uja ankayeza. Bwato likatsika limamwa madzi, likamwa limatsikanso, ndipo silidikira kuti mukambirane.

Chitsa cha nthochi chinatigunda m'nthiti, bwato n'kupendekeka.

"Tayani kanthu!" anakuwa a Zalazinayi. "Msanga! Tayani kanthu, timira!"

Mfundo ya nsalu inali pachifuwa panga pomwe. Kukoka kamodzi kokha, mtolo ukanagwera m'madzi. Dzanja langa linafika pamfundopo, ndikukumbuka bwino, ndipo linangoigwira kuti isamasuke.

Amake Dolika anandiyang'ana ine, anayang'ana kachipewa. Anagwada, anakumbatira thumba lawo lija, n'kulikunkhuniza kunja. Linangoti phuu, osaonekanso.

Suja umaseka, Chisomo? Seka tsopano.

Bwato linadzuka pang'ono. A Zalazinayi anapalasa mpaka mitsempha kutuluka, ndipo tinakagunda m'mabango kumunsi kwenikweni, kutali ndi doko. Tinali tapulumuka. Chimene chinatsala n'kungokhala phee mpaka bamboyo amange bwato. Koma ine maganizo anali oti ndithawe asanayambe zofuna kuona mwana. Ndinadzuka. Ndi ndowa ziwiri kumsana, m'bwato lodzaza madzi, ndinadzuka njo.

Bwato linatembenuka ngati mbale. Madzi pamenepo anali a m'chiuno chabe, koma ine ndinagwa chagada, mtolo n'kundikanikizira pansi, miyendo m'mwamba ngati kamba wogudubuzidwa. Ndinamwa Domasi wokwanira chaka chonse. Ndinamva manja akundigwira, ndinati eya, andivuula. Ayi ndithu. Manjawo ankafuna mwana. A Zalazinayi anadula nsalu ndi mpeni, anasolola mtolo n'kuukweza m'mwamba, ine n'kundisiya ndikudzikoka ndekha ndi mabango.

Nditatulutsa mutu, ndinamva amake Dolika akulira mokuwa, manja ali kumutu. "Mutu! Mutu wa mwana ukupita!"

Kachipanda kaja kanali katamasuka. Kankayandama kulowera ku Chilwa, chipewa chapinki chili pamwamba, kakuzungulira pang'onopang'ono ngati kakutsanzika.

A Zalazinayi anaima m'madzi, mtolo uli m'manja. Anaugwedeza monga ankagwedezera katundu aliyense. Anaboola pang'ono ndi chala, mpunga n'kuyoyokera m'dzanja mwawo.

"Ndowa ziwiri," anatero. "Dzanja langa silinalakwe. Ndinalakwa ndine, pomvera pakamwa pa munthu." Anaponya mtolowo kumtunda, n'kutembenuka kukavuula bwato lawo. Sanandilalatire. Ndikanakonda akanandilalatira.

Amake Dolika kulira kuja kunaduka. Anayandikira, anatola njere zingapo, ananunkhiza.

"Mbewu ya mayi anu," anatero. "Ija inadyedwa ndi makoswe."

Ine kukamwa kunali matope okhaokha.

"Khoswe wake ndi wamkulu ndithu, wovala chitenje," anatero. Anafinya nsalu yawo n'kuuyamba ulendo wa kumudzi chimanjamanja, kumene ana anayi ankadikira thumba.

Inu a masiku ano mukalakwa mumatumiza uthenga pa foni, kankhope kolira, basi nkhani yatha. Ife kunalibe kobisala. Nditafika kunyumba, nkhani inali itandipitirira kale. Ana a m'mudzi ankandifunsa kuti mwana wagona bwanji. A Jailosi anakhala pakhonde, anandiyang'ana, n'kungoti, "Ndiye makoswe aja ndinawanamizira." Tsiku lomwelo ndinasuntha bedi, ndinafukula mtsuko wina wa chimanga umene iwonso sankaudziwa, n'kuwauza kuti akausiye kwa amake Dolika. A Jailosi anafunsa kuti, "Pansi pa nyumba ino palinso chiyani, mayi? Ndiziyenda mosamala?" Sindinawayankhe, chifukwa kuseri kwa nkhokwe kunalinso nandolo.

Koma vuto lenileni linali mbewu. Mpunga wa mbewu ukanyowa umadzuka, ndipo sungaugonekenso. Umafuna dzuwa tsiku lomwelo kapena dothi. Dzuwa kunalibe, mvula inkangotsanuka. Ndinauyala pamkeka m'nyumba, ndinaupepeza ndi lichero mpaka mkono kufa. Tsiku lachitatu ndinaona timilomo toyera tikutuluka m'njere. Masiku ena awiri, ukanaola wonse.

Nanga nazale yanga? Inali thengo. Ndinali nditawaletsa a Jailosi kulima, kuopa kuti anthu angaone n'kufunsa kuti mufesapo chiyani. M'dera lathu lonse, nazale yolimidwa bwino, yosalazidwa, yongodikira mbewu, inali imodzi. Mwini wake anaikonza asanapite ku ganyu, poganiza kuti chimanga china akasinthanitsa ndi mbewu. Mukumudziwa.

Ndinasenza mpunga m'dengu pamutu, masana dzuwa lili paliwombo kuseri kwa mitambo, aliyense akuona. Ndinawapeza amake Dolika akusinja pabwalo. Ndinatula, ndinakhala pansi, ndinawapatsa moni. Anayankha osasiya kusinja.

"Ndabwera ndi mbewu," ndinatero. "Yamera. Kwanga kulibe pofesa."

"Wadwalanso mwana uja?"

"Anzanga, ndinalakwa."

"Munalakwa kuti? Padoko, pakati pa madzi, kapena m'mabango? Poti ine ndinaona katatu."

"Ponseponse."

Anaimika munsi. Anavundukula dengu, analowetsa dzanja, anaona timizu tija. Munthu wolima mpunga sangaone mbewu yotero n'kuisiya ife, zimenezo ndinkazidziwa, ndipo iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa.

"Ndifesa lero lomwe," anatero. "Mbande zikakula tigawana pakati. Koma pali mawu amodzi."

"Nenani."

"Kuyambira lero mpaka tsiku lozula, phazi lanu lisaponde kunazale kwanga. Musabwere kudzaona, musatume a Jailosi, musakwere pachulu paja mumakwera poyang'ana malire. Eya, ndimakuonani. Ndikangoona duku lanu, ndikatsegulira abakha."

Ana inu, akanandiuza kuti ndiwalimire munda wonse, ndikanavomera ndikuseka. Akanandimenya ndi munsi uja, ndikanathokoza. Koma kusiya mbewu ya mayi anga m'manja mwa munthu, ine osaona! Mayi ameneyo ankandidziwa kuposa amuna anga.

Masabata anayi amenewo ndinaonda kuposa nthawi ya njala. Popita kumunda ndinkazungulira njira yakutali, nkhope nditalozetsa kuphiri ngati wouma khosi. Ndikamva bakha akulira, ndinkati abakha aja awatsegulira kale. Ndikaona Dolika akutafuna kanthu, ndinkafuna kumutsegula pakamwa. Lamulungu kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwa amake, n'kumayang'ana matope a kumapazi kwawo kuti ndione ngati ali a kunazale. Kamodzi ndinafika patsinde pa chulu chija, phazi limodzi nditaponda kale. Ndinaima pamenepo, ndinakumbukira thumba lija likuti phuu, n'kutsitsa phazi.

Tsiku lozula amake Dolika anabwera okha m'mawa kudzanditenga. Titafika, ndinaima kukamwa kuli yasa. Nazale yonse inali yobiriwira, mbande zothithikana ngati ubweya, popanda udzu ngakhale umodzi, mozungulira atatchinga ndi minga kuopa mbuzi. Ine ndemwe sindikanaisamala choncho.

Anatenga chingwe, anachikoka pakati pa nazale kuchokera uku kufika uko, n'kukhoma zikhomo.

"Sankhani mbali," anatero.

Ndinazungulira kawiri. Ndinayeza ndi mapazi m'litali ndi m'lifupi, iwo atangoima, manja m'chiuno, akundiyang'ana. Ndinagwada n'kuyang'ana chingwe ngati chili chowongoka. Kenako ndinasankha ya kumadzulo.

"Mwakhutira?"

"Ndakhutira."

Tinazula limodzi, tinawokera limodzi, kuyamba munda wawo kenako wanga, ndipo chaka chimenecho ana awo ndi anga anadya mpunga wonunkhira mpaka kusanza. Tinakhala paubwenzi mpaka tsiku limene ndinasambitsa mtembo wawo ndi manja angawa. Anali munthu wabwino kuposa ine, zimenezo ndikunena pamaso panu, ndipo mukazinene pamaliro anga ngati ena aiwala.

Koma poti pano tili tokha, ndipo chitseko n'chotseka: mbali ya kum'mawa ija ndikuiganizirabe kuti inali yokulirapo.